Emelda Aboola Beseni la Malemu

1. Tsiku logawa katundu

Patatha mwezi umodzi chimwalirireni mayi ake a Emelda, abale anasonkhana kudzagawa katundu wa malemu. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene anakhalako kwa Nthache nyengo imeneyi akudziwa zimene ndikunena. Dzuwa linali kuswa mtengo. Masamba a manachesi anali atapindika, nkhuku zikungoyenda kukamwa kuli yasa.

Emelda anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa Fomu 2. Bambo ake anamwalira iye akadali wakhanda, choncho m'nyumbamo ankakhala awiriwiri ndi mayi ake, a Lucia. Tsopano anali atatsala yekha.

Amene ankatsogolera mwambowo anali malume ake, a Langton, mwini mbumba. Anali bambo wootcha makala, wosakonda kubwereza mawu. Pambali pawo panakhala a Deliwe, mng'ono wawo wa malemu, amene ankagulitsa tomato pamsika wa ku Thambani. A Deliwe anali oyembekezera, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri.

Katunduyo anamuyala pamphasa, ndipo sanali wochuluka. A Langton ankatola chinthu chimodzichimodzi n'kutchula dzina. Makasu anapita kwa iwo eni. Mapoto ndi zitenje zinagawidwa kwa amayi a pabanjapo. Emelda anapatsidwa bulangete, Baibulo ndi buku la nyimbo. Pomaliza ananyamula beseni lalikulu lachitsulo, loyera, lokhala ndi mzere wabuluu m'milomo.

"Ili ndi la Deliwe," anatero a Langton. "Mwana akubwera, adzafuna posambira."

Palibe anatsutsa.

"Za Emelda tinakambirana kale," anapitiriza. "Mawa m'mawa galimoto ikubwera, apita ndi Deliwe ku Thambani. Lolemba akayamba sukulu konko. Nyumbayi ndiitseka, ndizisungiramo makala mvula isanayambe. Zamaluwa zili apazi ndizula, pakhondepa pazikhala matumba."

Tsiku lonse Emelda anali atazolika. Apa mpamene anadzutsa mutu.

2. Maluwa a pakhonde

Maluwawo sanali achilendo ayi. Ndi aja a masamba obiriwira onyezimira, ena apinki, ena oyera okhala ndi kadiso kofiira pakati. Aphunzitsi a zaulimi amawatcha vinka. Mbuzi siziwadya, ndipo dzuwa likapsereza china chilichonse pabwalo, iwo amangophukabe ngati sakumva. N'chifukwa chake anthu amakonda kuwabzala pamanda, poti kumeneko kulibe wothirira. M'mudzimo ankangowatchula kuti maluwa a kumanda.

Koma a Lucia sanawatenge kumanda. Anawapempha kwa namwino wina ku Boma, kumene ankachita ganyu yochapa zovala, n'kubwera ndi timbande titatu m'kajumbo ka shuga. Nthawi imeneyo Emelda anali mu Sitandade 1. Chiyambire pamenepo, madzi onse otsukira mbale ankathera m'mbali mwa khondelo. Ngakhale masiku awo omaliza, atalephereratu kudzuka, ankayamba afunsa kuti, "Wathirira?" kenako n'kufunsa za phala.

"Amalume, ndilankhuleko?" anatero Emelda.

"Lankhula."

"Ndikupempha beseni lija. Ndikufuna ndibzalemo maluwa a amayi, ndipite nawo ku Thambani."

Amayi ena anaseka chophimba kukamwa. A Deliwe sanaseke. Anakonza chitenje chawo, n'kumuyang'ana m'maso.

"Tamvera iwe Emelda," anatero, "ndikuuziretu pamaso pa anthu, kuti mawa usadzati sindinanene. Lucia anali mkulu wanga, ndinkamukonda, koma zamaluwa akewa ndinkamuletsa akadali moyo. Maluwa amenewa malo ake ndi kumanda. Atangowabzala ndinamuuza kuti zula zinthu izi, iye anangondiseka. Lero ali kuti? Ine ukundiona mmene ndililimu. Mimba ziwiri zinapita padera, iyi ndi yachitatu, ndiye undibweretsere za kumanda pakhomo panga? Ayi mwanawe, zimenezo ayi. Iweyo bwera. Pogona palipo, chakudya chilipo, sukulu ili pafupi. Koma duwa limodzi lokha likakaponda pakhomo panga, ukabwerera nalo komwe wachokera."

"Amayi anamwalira ndi chifuwa," anayankha Emelda. "Sanamwalire ndi maluwa."

"Iwe!" anakalipa a Langton. "Mayi ako aang'ono akalankhula umayankha? Nkhani yatha."

Anapinda mphasa, anthu n'kumwazikana.

3. Msomali ndi mwala

Masana akuluakulu onse anapita kukathokoza adzukulu amene anakumba manda. Emelda anatsala yekha pakhomo. Katundu wa a Deliwe anali ataunjikidwa pabalaza, beseni lija lili pamwamba.

Tisanamizane apa. Kudzala kunali miphika yong'aluka, kuseri kwa khola kunali chigubu chodulidwa pakati. Emelda akanafuna, akanabzala m'menemo popanda kukhudza cha mwini. Koma mtima unali utamuwawa kwambiri. M'beseni limenelo ndi mmene mayi ake ankamusambitsira ali mwana, ndipo iyenso ndi mmene ankawasambitsira iwo miyezi itatu yomaliza. Ankafuna lomwelo basi. Ankadziwanso kuti beseni likabooka, anthu salilimbirananso.

Anazula msomali umene mayi ake ankapachikapo kalendala. Anatola mwala, anatenga beseni, n'kupita nalo kuseri kwa khitchini. Analivundikira pansi, n'kuyika msomali pakati penipeni.

Khoo! Khoo!

Penti yoyera ija inathetheka n'kuwulukira m'mbali. Bowo loyamba analiboola movutikira. Pofika lachisanu ndi chiwiri manja anali atazolowera, akungomenya ataluma mano.

Zotsalazo anazichita monga mmene ankaonera mayi ake. Pamabowopo anayalapo mapale, kuti madzi azituluka koma dothi lisatuluke nawo. Anasakaniza dothi lakuda la pansi pa mtengo wa manachesi, mchenga pang'ono, ndi manyowa a mbuzi a chaka chatha. A Lucia ankati manyowa atsopano amawotcha mizu, ndipo timazitini ting'onoting'ono nato sitithandiza pa dzuwa la Okutobala, chifukwa pofika masana mizu imakhala itaphikika m'katimo. Pamafunika chinthu chachikulu chosunga chinyontho.

Kenako anadikira. Duwa salizula dzuwa lili pamutu. Anakhala pakhonde mpaka mthunzi wa nyumba unafika pankhokwe, akuopa kuti mwina akuluakulu abwera asanamalize.

Dzuwa litapendeka, anagwada pamaluwa paja ndi mpeni. Maluwa akuluakulu aja sanawakhudze, ngakhale kuti ndiwo anali okongola. Mayi ake ankanena kuti amenewo akazulidwa sagwira, mizu yawo inapita kutali. Ankati uzitenga ana omera pansi pawo, ndiwo amapirira kusamuka. Emelda anadula dothi mozungulira kambande kalikonse, n'kukanyamula ndi dothi lake lomwe ngati dzira. Anatenga tisanu ndi tinayi, tisanu tapinki, tinayi toyera.

Panatsala ntchito imodzi imene sankaifuna. Timbande tina tinali titayamba kale kuphuka, ndipo maluwawo ankayenera kuthotholedwa kuti mphamvu ipite kumizu. Anawathothola onse, misozi ikutsika. Zinamupweteka ngati akuwalanga.

Pamwamba pa dothi anayalapo makoko a mtedza. Madzi amene anatunga kumjigo m'mawa kuti asambe anawathira onse m'besenimo, pang'onopang'ono, m'tsinde osati pamasamba. Analikhazika pa njerwa zitatu pansi pa mtengo wa manachesi. Lamulo la a Lucia linali lakuti mbande ikangosamutsidwa, ikhale pamthunzi masiku atatu.

Akuluakulu anabwera atatopa, ndipo palibe anazungulira kuseri kwa khitchini. Tsiku limenelo Emelda anagona osasamba.

4. Amalume alankhula

Kutacha a Deliwe anayamba kumanga katundu wawo. Anasuntha thumba, anasuzumira kuchipinda, anatuluka panja.

"Emelda, beseni langa waliona?"

Apa ana ambiri akanati, "Kaya." Emelda sananame.

"Lili kuseri kwa khitchini. Ndabzalamo maluwa."

A Deliwe anapita okha kukaona. Anapeza beseni lili phee pa njerwa, timbande tili chilili. Anawerama movutikira, anapisa dzanja kunsi kwake, zala n'kukumana ndi mabowo. Dzanja linatuluka ndi matope.

"Mayo ine! Achimwene! Tabwerani mudzaone zimene wachita mwana wa Lucia!"

A Langton anafika akumanga mabatani a malaya. Anayang'ana beseni, anayang'ana Emelda. Anthu oyandikana nawo anayamba kutulukira mmodzimmodzi, ena atanyamula matsache ngati akusesa. Aliyense ankayembekeza mbama, koma a Langton anangokoka mpando n'kukhala.

"Khala pansi," anatero. Emelda anakhala padothi.

"Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, koma zimene ndikuuzezi m'mabuku akowo mulibe. Katundu wa malemu akagawidwa pamaso pa mbumba, ndiye kuti wagawidwa. Iwe si woyamba kuferedwa. Amayi athu atamwalira ine ndinkafuna wailesi yawo, inapita kwa wina, ndinangomeza malovu. Dzulo ndinalankhula anthu akumva, lero wandisandutsa chidole. Mawa ndikadzaitana mbumbayi pa nkhani ina, adzandimvera ndani?"

Anapukuta thukuta ndi chipewa, n'kupitiriza.

"Chachiwiri ndi ichi. Iwe tsopano ndiwe mwana wamasiye. Mawuwa ndi owawa, koma uwazolowere. Kumene ukupitako si kwanu. Pakhomo pa eni sumasankha. Umadya chimene chaphikidwa, umagona pamene akulozera. Ana amasiye ndawaona ambiri m'mudzi muno. Ofatsa anamaliza sukulu. Amakani ali kuboda uko, akugulitsa madzi kwa madalaivala a mathiraki, ena anabwerako ndi mimba zopanda eni. Deliwe palibe anamukakamiza kuti akutenge. Ali ndi mantha ake, ndipo amene sanatayepo mimba asamuseke. Ine pano sindingakusunge. Nyumba yanga yadzaza, ndipo ulendo wa kusukulu kuchokera kuno unkautha chifukwa mayi ako ankakudzutsa. Ndiye nyamula beseni ilo, ukakhuthule kudzala, upepese, ukwere galimoto. Mabowowo tikamatitsa kwa okhoma zidebe. Ndatha."

Zambiri zimene ananena a Langton zinali zoona, ndipo Emelda ankadziwa. Anadzuka n'kukagwada pamaso pa a Deliwe.

"Mayi aang'ono, za beseni ndalakwa. Linali lanu, ndaliboola dala, sindikukana. Chilango chilichonse mungandipatse ndilandira. Pepani."

A Deliwe anapumira m'mwamba. "Chabwino. Kakhuthule."

"Kukhuthula kokha ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi." Emelda anatembenukira kwa malume ake, akadali chigwadire. "Amalume, dzulo mwagawa mapoto, sindinalankhule. Mwagawa zitenje zimene ndinkawafunditsa amayi, sindinalankhule. Nyumba mwati musungiremo makala, ndangokhala chete. Zamoyo zimene amayi anasiya pakhomo pano ndi ziwiri zokha, ine ndi maluwawa. Awo a pakhondewo muzula. Awa ndiye ndiwataye kudzala ndi manja angawa? Sindingathe, ndipo sindichita."

Mayi wina anati, "Koma mwana uyu!" Sizinadziwike ngati ankamunyoza kapena ankamutama.

5. Galimoto ifika

Cha m'ma naini koloko kunamveka hutala kumsewu. Inali pikapu ya a Laston, imene inkanyamula anthu ndi katundu kupita ku Thambani. Anyamata anakweza matumba a a Deliwe. Anakwezanso chikwama cha Emelda, mmene munali yunifolomu, makope ndi kalata yosinthira sukulu.

Emelda analikoka beseni lija kuchokera kuseri mpaka pabwalo, akuyenda chambuyo. A Deliwe anali atakhala kale kutsogolo.

"Ilo silikwera," anatero kudzera pawindo.

"Kumbuyoku malo alipo, mayi," anatero a Laston, amene sankadziwa kalikonse za nkhaniyi. "Timanyamula mbuzi, nanga maluwa angavute?"

"Likakwera ilo, ine nditsika."

A Laston anangokweza mapewa n'kuliza injini. Anthu a kumbuyo anayamba kudandaula kuti dzuwa likuwawotcha.

"Emelda, kwera," anatero a Langton.

"Ndibwera wapansi."

"Wapenga? Ku Thambani ndi maola anayi, wopanda katundu!"

"Njira ndikuidziwa. Tinkapita ndi amayi kumsika."

A Deliwe anatulutsa mutu pawindo. Maso awo anali ofiira, ndipo mawu awo sanalinso okalipa. Anali a munthu wochita mantha.

"Mwana wa mkulu wanga, usandiyese. Chikwama chako ndikasunga. Ukabwera wekha, chitseko chili chotsegula, ngakhale pakati pa mvula. Ukabwera ndi zimenezo, ukapeza chotseka, ndipo sindikatsegula. Kwera, chonde."

Emelda anayang'ana chikwama chake pamwamba pa matumba. Anayang'ananso beseni. Sanasunthe.

Galimoto inanyamuka, fumbi n'kutsalira m'maso mwa anthu. A Langton anatembenuka. Analowa m'nyumba ya malemu, anatseka mawindo onse, anatuluka n'kukhoma loko pachitseko.

Emelda anathyola timitengo tinayi n'kutizika m'mphepete mwa beseni. Anavula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, anachinyowetsa ndi madzi akumwa otsala m'chigubu, n'kuchiyala pamwamba pa timitengoto kuti chikhale ngati denga. Anapota nkhata ya udzu n'kuyiyika pamutu. Kenako anawerama kuti anyamule.

Beseni lodzaza dothi lonyowa si ndowa ya madzi, abale. Linafika m'mawondo n'kubwerera pansi. Anayesanso, likufika pomwepo. Amayi aja anali chiimire ndi matsache awo. Onse ankadziwa kuti katundu wotere munthu sadzisenzetsa yekha, koma panalibe amene ankafuna kuoneka ngati akutsutsana ndi mwini mbumba. Mmodzi anayamba kusesa pamalo posesa kale.

Emelda anawongoka, thukuta likuyenderera.

"Amalume," anatero, "ndisenzetseni."

Ha, kulimba mtima kwake! Kupempha munthu yemwe wangomunyozera pagulu! A Langton anaima, makiyi ali m'manja. Anayang'ana kukhonde kumene kunali maluwa akuluakulu a mlongo wawo. Kenako anaponya makiyi m'thumba, anayandikira, n'kugwira beseni m'milomo.

"Werama."

Analinyamula n'kulikhazika pankhata. Khosi la Emelda linagwedera, kenako linalimba.

"Likulemera ili," anatero a Langton. "Ukalitula panjira."

"Sindikalitula."

"Kuti ndakusenzetsa usaganize kuti ndavomera. Deliwe sanena kawiri, ndipo kuno ndatseka ndi kiyi. Ukakapeza chitseko chotseka, ukagona kuti?"

"Ndikaonera konko, amalume. Tsalani bwino."

Anatembenuka pang'onopang'ono, manja onse awiri ali kubeseni, n'kulowa mumsewu motsata matayala a pikapu. Madzi amatope ankadontha m'mabowo muja n'kutsikira m'khosi mpaka kumsana, koma analibe dzanja lopukutira.

Nthawi inali isanakwane n'komwe teni koloko. Kutsogolo kunali zitunda zokhazokha, mitengo yake inathera kumakala kalekale, ndipo mthunzi kunalibe. Atadutsa mjigo, chitenje chija chinali chitauma kale gwaa. Kunsi kwake, kumene Emelda sankatha kuona, kambande koyamba kanali katayamba kuweramitsa masamba.